Yankho Lopanda Chaka

Ngadiran sukulu anaisiyira kalasi yachinayi, koma mukanamumva akulankhula pansi pa bwemba wa pamsika, mukanalumbira kuti ndi mphunzitsi wamkulu amene boma linangoiwala kumulipira. Katundu wake yense anali mpando wansungwi, kalilole wong'aluka wokhomera pamtengo, malumo awiri, ndi pakamwa. Pakamwapo ndiye panali ntchito yeniyeni. Ukangokhala pampando paja, nsalu yakumanga m'khosi, lumo lafika pam'mero, kothawira kunalibe.

"Kang, achimwene, mafupa a munthu wamkulu ndi angati?"

Iwe zii, kuopa kuti ukayankha m'mero ugwedezeka.

"Mazana awiri ndi asanu ndi limodzi. Anuwa sindinawerenge, koma kumutu kuno fupa lachuluka, malo a ubongo achepa. Weramani."

Anthu ankachoka akutukwana, mwezi wamawa n'kubweranso.

Nzeru zonsezo ankazitola m'magazini ina ya kumzinda wa Surabaya yotuluka Loweruka. Kutsamba lomaliza kunkakhala mafunso asanu a mpikisano. Mayankho umalemba pakhadi la positi, wopambana alandira wailesi ya mabatire. Ngadiran anatumiza makadi zaka zitatu, chimene anapatapo ndi kalendala. Magaziniyo sankagula. Ankakaiwerengera tsidya lina la msewu, m'sitolo ya Tan Kim Bie, wogulitsa misomali, sopo, palafini ndi makadi a positi omwewo. Kim Bie anabadwira m'tauni mwathu momwemo, bambo ake chimodzimodzi, Chijava amachilankhula kuposa ena a ife, komabe mpaka imvi anthu ankangoti "Mtchaina uja". Loweruka lililonse masana awiriwa ankatsamira pakauntala, khofi pakati, n'kumakangana za likulu la dziko limene onse awiri sadzalipondako.

Koma pamene panali mtima wa Ngadiran ndi pa akazitape. Ankawadziwa ngati achibale a kuchikazi: uyu anam'pachika ku Tokyo, uyu anam'sinthanitsa ndi mnzake pamlatho ku Berlin, uyu ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa kazembe ku Ankara, omutuma ukazitapewo n'kumulipira ndalama zachinyengo. Mkazi wake Warsinah ankati, "Azungu akufawo mukuwadziwa mayina ndi masiku, koma tsiku limene mpunga unathera m'nyumba muno simukulidziwa."

Panalinso kasitomala mmodzi amene tiyenera kumutchula. Lefutenanti Harsoyo, mkulu wa asilikali a m'tauni mwathu, ankabwera Lachinayi lililonse kudzameta tsitsi limene analibe. Dazi lake linali la mtundu wina. Likagunda kalilole wa pabwemba paja, amayi ogulitsa tempe, chakudya cha soya, ankatsinzina. Tsiku lina iye atangochoka, Ngadiran anapukuta lumo n'kunena kuti, "Eya, Pak Matahari alowa, tiyatse nyali." Pak kwathu ndi bambo, Matahari ndi dzuwa. Dzinalo linathamanga msika wonse tsiku lomwelo, ndipo dzina lotere silizungulira nthawi yaitali lisanakafike kwa mwini wake. Lefutenanti ankangobwerabe Lachinayi, n'kupereka m'mero.

Magazini ya kumapeto kwa Seputembala, chaka cha 1965, inabwera ndi funso lachitatu lotere: kazitape wamkazi wa Chidatchi amene anakhalapo ku Malang ankadziwika ndi dzina lanji, anafa bwanji, ndipo liti?

"Mphatso iyi," anatero Ngadiran. "Mata Hari. Afalansa anamuwombera, asilikali khumi ndi awiri, pa 15 Okutobala, 1918."

"1917, Ran," anatero Kim Bie, amene ankam'dula dzina choncho.

"Koh, inu gulitsani misomali." Koh ndi mmene timaitanira mkulu wachitchaina.

"1917. Ndinaiwerenga ndi maso awa."

"Maso ake ati? Magalasi anuwo ndi matako a botolo. Dzana munandipatsa kandulo ndikufuna sopo."

"Lemba 1918 yakoyo, wailesi akaipatse wa ku Madiun ngati ulendo uja."

Mumtima Ngadiran anadziwa kuti Kim Bie akhoza kukhala kuti walondola. Koma kulemba chaka cha Kim Bie kunali kugonja, kulemba chake kunali kuluza. Munthu wochenjera amapeza njira yachitatu: chaka sanalembe n'komwe. Pakhadi malo anali ochepa, dzina lija analiphatikiza kukhala liwu limodzi. Mzerewo unatuluka motere: Matahari ditembak 15 Oktober, 12 orang. Orang ndi anthu.

Tsono chilankhulo chathu cha boma chili ndi ulesi wake. Sichidzivutitsa kukuuza nthawi. Ditembak ndi "anawomberedwa", ditembak yemweyo ndi "adzawomberedwa". Chokuuza ngati nkhani ndi yadzana kapena yamkuja ndi chaka chimene waika pambali pake. Ngadiran chaka anachisiya pakauntala pa Kim Bie.

Khadi analiponya pa 4 Okutobala. Nthawi imeneyo ku Jakarta akuluakulu a asilikali anali ataphedwa kale, wailesi ikungoimba nyimbo za nkhondo ndi kuwerenga malamulo, koma tsiku lotsekera mpikisano linali pafupi, ndipo munthu wofuna wailesi saganiza zambiri. Sabata yomweyo nyuzi ndi magazini zambiri zinatsekedwa, ya mafunso ija pamodzi nazo. Ankati olemba ake ndi a chipani chimene chinkaganiziridwa kuti chinapha akuluakulu aja. Warsinah sanadikire kuuzidwa. Anatenga mulu wonse wa magazini akale amene mwamuna wake ankatuta kwa Kim Bie n'kuphikira madzi osamba. Kim Bie naye ake anawotcha kuseri kwa sitolo. Ndipo ku positi kunakhala msilikali wowerenga makalata a anthu.

Asilikali anam'tenga Ngadiran Lachitatu m'mawa, pa 13, ali pakati pometa wogulitsa mbuzi. Wambuziyo anatsala pampando, tsaya limodzi lili ndi thovu, ndipo akuti anakhala choncho mpaka jipi itakhota, osayerekeza ngakhale kudzipukuta.

Anapita naye kunyumba yosungiramo fodya ya kuseri kwa njanji. Kutsogolo kunali kachipinda ka kalaliki, mmene munali tebulo, Lefutenanti Harsoyo, ndi Kopolo Sukemi atakhala pamakina otayipira amene ankawabaya ndi zala ziwiri ngati akupha nsabwe. Patebulo panali khadi lija.

"Dzanja ili ndi lako?"

"Langa, Pak."

"Werenga mzere wachitatu."

Ngadiran anawerenga. Atafika pakati anaima, chifukwa anaumva mzerewo mmene unkamvekera m'chipinda chimenecho, kutsogolo kwa dazi limenelo, kutatsala masiku awiri kuti pa 15 pakwane.

"M'tauni muno Matahari ndi ndani, Ngadiran?"

"Ndi dzuwa, Pak."

Sukemi anadzuka pamakina, anazungulira tebulo mosapupuluma, anam'menya khofi khutu mpaka kulira ngati belu, n'kubwerera kukakhala.

"Pak, ndi mkazi! Mkazi wovina, Mdatchi, anakhalapo pa Malang pompa. Afalansa anamupha kalekale, inu ndi ine tisanabadwe. Ndi mayankho a mpikisano awa, Pak, a m'magazini."

"Kalekale. Chaka chili pati?"

"Sindinalembe, Pak. Panali mkangano pang'ono."

"Mkangano ndi yani?"

Apa Ngadiran anadziluma lilime. "Ndi mutu wanga, Pak."

"Magazini yake ili kuti?"

"Inapsa."

"Inapsa yokha?"

"Mayi a kunyumba anasonkhezera moto."

"Chinthu chopanda mlandu munthu amachiwotcheranji?" Lefutenanti anatembenuza khadi ndi chala. "Mzere woyamba: Canberra. Uli ndi yani ku Canberra? Asilikali awo akuwomberana ndi athu ku Kalimantan, iwe ukulemba Canberra."

"Ndi likulu chabe, Pak. Ambiri amati Sydney, ndiye amaluza."

"Mzere wachiwiri: mitima itatu."

"Ndi chinyama cha m'nyanja chija cha miyendo isanu ndi itatu, Pak, chili ndi..."

"Atsogoleri atatu," anatero Sukemi osadzutsa mutu, n'kutayipa.

Lefutenanti anayatsa ndudu ya kretek. Sanakweze mawu. Munthuyu sankakweza mawu ngakhale pampando wometera. "Zaka ziwiri ndakhala ndikukupatsa khosi langa Lachinayi lililonse. Tsopano iwe undipatse kanthu. Anthu khumi ndi awiri. Mayina. Lachisanu likafika ndilibe mayina, ukwera lole."

M'kati mwa nyumba ya fodya munali amuna ngati makumi anayi: odula nzimbe, aphunzitsi awiri, anthu a panjanji, telala wina dzina lake Marjuki. Munkanunkha fodya wakale ndi chidebe cha pakona. Za lole palibe anachita kum'fotokozera. Inkabwera dzuwa litapendeka, Sukemi n'kuima pakhomo ndi pepala. Woitanidwa ankauzidwa kuti avule nkhwayira. Pafupi ndi chitseko panali mulu wa nkhwayira umene unkakula, ndipo palibe ngakhale wopanda nsapato amene ankatolapo.

Anaonanso mmene mayina amagwirira ntchito. Masana a Lachitatu lomwelo Marjuki anatengedwa kukachipinda, anakuwa kanthawi, kenako anasiya kukuwa n'kuyamba kulankhula. Dzuwa lisanalowe mlamu wake analowetsedwa, atavala malaya amene Marjuki yemweyo anasoka. Marjuki anatuluka pageti wamoyo, akuyang'ana zala zake za kumapazi. Ndiye kuti malondawo anali enieni: ukapereka munthu, umapita kwanu.

Ngadiran sanali munthu wolimba mtima. Jakisoni ankamuthawa, galu wa woyandikana naye ankamulambalala. Anadziwa kuti akam'gwiranso Sukemi, pakamwa pake, pamene sipanatsekekepo chibadwire, padzatuluka mayina. Ndipo mayina amene wometa amawadziwa ndi a anthu amene anawagwirapo mitu: wambuzi uja, wokonza njinga, mlongo wake wa Warsinah. Chimene ankafuna chinali chimodzi, kutuluka muno wamoyo popanda kulowetsamo wina. M'nyumba imeneyo chinthu chotere panalibe amene anali atachionapo.

Lachinayi m'mawa anam'tengera kukachipinda. Lefutenanti kunalibe, anali atapita kwa akuluakulu ake ku Malang. Sukemi anali ndi mnzake wonyamula chingwe cha magetsi chopindidwa pawiri. Za chingwecho sindinena zambiri. Chinagwira ntchito yake pamsana mpaka Ngadiran anadzikodzera. Ali chigonere pansi, tsaya lili pasimenti, nzeru inam'fikira, ndipo m'kati mwa ululu wonsewo anamva kukoma kumene ankamva akapeza yankho Kim Bie asanalipeze. Akufuna mayina a anthu achiwembu? Iye ali nawo ambiri. Akufa okhaokha, a kutali okhaokha. Akawafune kumanda a ku Tokyo.

"Ndinena, Pak Kopolo! Ndinena. Lembani."

Sukemi anapukuta manja n'kulowetsa pepala m'makina.

"Woyamba, Richard Sorge."

"Rikat chiyani?"

"Sorge. Ndiye wa wailesi."

Tap, tap, tap. "Amakhala kuti?"

"Amayendayenda, Pak. Wachiwiri, Nathan Hale. Mphunzitsi."

"Aphunzitsi," anatero Sukemi, akupukusa mutu. "Nthawi zonse aphunzitsi."

"Alfred Redl, ameneyo ndi msilikali, wamkulu kuposa inu. John André. Sidney Reilly. Eli Cohen. Rosenberg, alipo awiri, bambo ndi mayi."

"Mayina achilendo bwanji?"

"Ndi chiwembu cha kunja, Pak. Simunaone Canberra?"

Sukemi anakhutira. Ankatayipa mmene khutu lake la Chijava lamvera, Natan Hel, Alpret Redel, lilime lili panja. Ngadiran anapitiriza kufukula manda mpaka anafika khumi ndi mmodzi. Pamenepo mutu unaima. Msana unkayaka, khutu likulirabe, akufa onse anam'thawa. Wachingwe uja anasuntha phazi.

"Wotsiriza," anatero Sukemi.

Ndiye anatola wamoyo. Mngelezi amene anathawira ku Moscow zaka ziwiri zapitazo, nyuzi zonse zinalemba. Ku Moscow jipi ya Sukemi singafike.

"Kim Philby."

Tap, tap, tap, tap. Sukemi anasolola pepala, analiuzira ngati lili ndi inki yaiwisi, n'kunena kuti, "Waona? Sizinavute."

Masana amenewo Warsinah anabweretsa mpunga ndi tempe m'tsamba la nthochi. Sanamulole kulowa; chakudya chinafika chitabayidwabayidwa ndi mpeni wa pamfuti. Ngadiran anadya chogona chafufumimba, akuseka yekha pang'onopang'ono. Wodula nzimbe wina anafunsa chimene chikum'seketsa, iye anati, "Ndatuma boma kukagwira mizimu." Lole itabwera dzina lake silinatchulidwe. Anayamba kukonza mmene adzaikambire nkhaniyi pansi pa bwemba zinthu zikadzazizira, mawu a Sukemi adzawayerekeza bwanji, adzaima pati kuti anthu aseke.

Lachisanu, pa 15, dzuwa lili pamutu, anamuitananso. Lefutenanti anali atabwerako, dazi lili bwinobwino, palibe analiwombera. Pakona, pansi, panakhala munthu wovala kabudula ndi vesiti, manja kumbuyo, magalasi diso limodzi losweka.

"Ran," anatero Tan Kim Bie. "Akuti wanditchula."

Lefutenanti anakankhira pepala kutsogolo. Mzere wotsiriza, m'zilembo za Sukemi, unali: KIM PIL BI.

Ngadiran anaona ngati simenti yapendekeka. "Ayi, Pak. Ayi, ayi. Si ameneyu. Uyu ndi Kim Bie wa misomali. Ine ndinati Philby, Kim Philby, mzungu, Mngelezi, ali ku Moscow!"

Kim Bie anatseka maso. Kenako, m'kati mwa zonsezo, kaphwete kanam'tuluka m'mphuno. "Philby," anatero chapansipansi. "Chitsiru iwe. Akazitape onse a padziko lapansi, iwe n'kusankha wa dzina langa."

"Akufa anandithera, Koh."

"Sukemi, kamwe khofi," anatero Lefutenanti.

Kopolo atatuluka, Harsoyo anatenga pepala lija n'kuliyang'ana ngati munthu woyang'ana chithunzi cha ukwati wa mdani wake.

"Sorge ndinamumvapo," anatero. "Anatiphunzitsa kusukulu ya usilikali. Ine si Sukemi. Ndikanakhalapo dzulo, sewero lakoli likanathera padzina loyamba. Koma ine kunalibe, ndipo Sukemi ndi wakhama. Kope la pepala ili linapita ku Malang dzulo madzulo, chidindo changa chili pansi. M'mawa uno foni yalira, akundiyamikira. Tsono undiuze, wanzeru iwe: ndiwaimbire kuti wometa wa kalasi yachinayi wanditayipitsa mayina a m'manda?"

"Pak, ngati mukudziwa, ndiye kuti mukudziwanso kuti khadi lija..."

"Khadi lija ndi zopusa. Ndinadziwa nditangoliona. Koma analiona ndi ena ndisanalione ine." Anagogoda patebulo. "Khumi ndi mmodzi ndi akunja, athawa, palibe angandifunse. Koma gulu lonse silingathawe. Mmodzi ayenera kupezeka. Ndipo taona mwayi, m'tauni muno Kim alipo. Mtchainanso. Ku Malang sakafunsa kawiri."

Anatulutsa pepala lina, lotayipa kale, ndi cholembera.

"Apa akuti Kim Pil Bi wa pamndandanda ndi Tan Kim Bie, mwini sitolo, amene ankakupatsa makadi ndi magazini oletsedwa. Bodza lilipo? Sankakupatsa? Saina, ukadye nkhomaliro kwanu. Ukakana, ndiye kuti mndandanda wako ngwabodza, ukwera lole, ndipo uyu ndimusungabe mpaka nditapeza wina wondisainira. Sasowa."

Kim Bie sanapemphe. Ankangoyang'ana pansi ndi diso la galasi labwino lija. Kunyumba anasiya ana anayi ndi mayi ake okalamba osaona, ndipo Ngadiran ankawadziwa onsewo, anyamata awiri mwa anawo ankawameta ulere pa Chaka Chatsopano cha Atchaina.

Musaganize kuti cholembera sanachitole. Anachitola. Anaona bwemba, anaona Warsinah akupepeta mpunga, anaona Marjuki akutuluka pageti ndi miyendo yake iwiri. Anaganiza kuti, mwina Mtchaina ali ndi achibale ku Surabaya odziwa polankhula, mwina amutulutsa. Anadziwa kuti akudzinamiza, chifukwa lole sinkadikira achibale a munthu. Nsonga ya cholembera inafika papepala n'kusiya kadontho.

Chimene chinachitika kenako ena amachitcha kulimba mtima. Ine ndinam'dziwa munthuyo, ndikuti pakamwa pake panangothamanga kuposa mantha ake, monga mwa masiku onse.

"Pak, pepalali lalakwika. Kim Pil Bi alipodi, koma si uyu."

"Ali kuti?"

"Kazitape sagwira ntchito ndi dzina la kwawo, Pak, munaphunzira inu. Sorge ankatchedwa Ramsay. Mata Hari Ajeremani ankamuti H-21. Aliyense ali ndi lantchito. Langa ndi Kim Pil Bi."

Ngadiran anapitiriza asanafunsidwe.

"Ndinaliba pachikwangwani cha sitolo yake. Tsiku lonse ndimachiona m'kalilole ndikamameta. Ndinangoika Pil pakati kuti lisadziwike. Uyu sadziwa kanthu, Pak, muoneni, angakhale kazitape ameneyu? Kandulo ndi sopo zimam'sokoneza."

"Ran," anatero Kim Bie. "Ran, usa..."

"Khalani chete, Koh. Nkhani za akazitape si zanu."

Lefutenanti anatsamira kumbuyo, mpando n'kulira. Anam'yang'ana Ngadiran nthawi yaitali, ndipo munthu ukanatha kuona nzeru zikuyenda pansi pa dazi lija. Wasitolo wachitchaina ndi nsomba wamba, mkulu aliyense wa asilikali anali naye wake mwezi umenewo. Koma kazitape wa dzina lachinsinsi, wolemberana ndi Canberra, amene zaka ziwiri ankagwira lumo pam'mero pa mkulu wa asilikali, n'kugwidwa kutatsala masiku awiri? Lipoti lotere limakweza munthu udindo.

"Ukudziwa kumene dzina limeneli likukutengera?"

"Ndikudziwa, Pak."

"Sukemi!"

Kopolo analowa akupukuta milomo. Pepala latsopano linalowa m'makina. Lefutenanti ankanena, Sukemi akubaya, ndipo pena Ngadiran ankathandiza kalembedwe, poti Canberra Sukemi ankailemba ndi r imodzi. Posaina, Ngadiran anachita kum'dinditsa chala.

Anamasula manja a Kim Bie. Mkuluyo anadzuka movutikira, anaima, anatsegula pakamwa. Akanatha kunena kuti zonsezi n'zabodza. Akanatero akanakwera lole onse awiri, ndipo ana anayi aja akanagona ndi njala pamodzi ndi Warsinah. Anayang'ana Ngadiran, Ngadiran anapukusa mutu pang'ono chabe. Kim Bie anatseka pakamwa. Amene sanaimepo m'chipinda chotere asamuweruze.

"Warsinah," anatero Ngadiran.

"Ndamva."

"Mukamuuze kuti malumo asagulitse motchipa. Limodzi lija ndi la ku Jeremani."

"Tuluka, Mtchaina," anatero Sukemi, "ndisanasinthe maganizo a bwana."

M'khoma la nyumba ya fodya munali mng'alu woyang'ana kugeti. Atam'bwezera m'kati, Ngadiran anakwawira pamenepo n'kuikapo diso. Anaona vesiti yoyera ikudutsa pabwalo, ikuima pageti, mlonda akufunsa kanthu, akuyang'ana kukachipinda, kenako akukweza mtengo. Vesiti inawoloka njanji, osacheuka, n'kulowa m'kanjira ka kumsika. Ngadiran anakhalabe pamng'alupo mpaka diso linachita misozi, kuopa kuti mwina aibweza. Sanaibweze.

Lole inabwera nthawi yake. Sukemi anaima pakhomo ndi pepala, anatchula odula nzimbe asanu, mphunzitsi mmodzi, mlamu wa Marjuki. Kenako anakweza mawu, monyadira ntchito ya manja ake.

"Kim Pil Bi!"

Anthu anayang'anana, kufunafuna Mtchaina. Ngadiran anadzuka, anavula nkhwayira.

Anawamanga awiriawiri zala zazikulu za kumanja ndi waya, n'kuwakhazika pansi m'lolemo, lona pamwamba. Mnzake wa waya anali wodula nzimbe wachikulire, wa mano atatu, amene sanali wa m'tauni. Lole itadutsa mabampu a panjanji, mkuluyo anasendera pafupi.

"Ine akuti ndinadinda chala papepala lolandirira feteleza," ananong'ona. "Kuwerenga sindidziwa, Nak, mwana wanga. Amati ndi feteleza, kani ndi mndandanda wa chipani. Nanga iwe unatani?"

Ngadiran anafuna kufotokoza. Anayamba kusanja nkhani m'mutu, magazini, khadi, chaka, mkazi wovina wa ku Malang, n'kuona kuti njira yatsalayi ndi yaifupi, singakwane.

"Ndine kazitape, Mbah, agogo anga."

Mkuluyo anam'yang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anadzikokera kumbali, kutali mmene waya unalolera, n'kutembenuzira nkhope kulona, kuti asilikali asaone ngati akudziwana. Lole inasiya tala n'kukhotera kumsewu wafumbi wopita kunkhalango ya mitengo yamatabwa ya jati, kumene inkabwerako yopanda anthu.